Filiji ikamalira "mmmm... tha!" musathamangire kuthira gasi

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chitakale, ku Mulanje: "Ndili ndi filiji ya zitseko ziwiri imene ndinagula kwa munthu zaka zitatu zapitazo. Ndimaikamo thobwa, mafilizesi ndi zakumwa zogulitsa, komanso ndiwo za pakhomo. Mwezi uno wa Okutobala yayamba phokoso. Usiku imanjenjemera mpaka tulo osabwera. Madzulo imang'ung'udza pang'ono, kenako kumamveka 'tha!' n'kukhala chete, pakapita timphindi n'kuyambiranso. M'mawa zinthu zimakhala zozizira bwinobwino, koma pofika usiku thobwa limakhala litafunda. Mnyamata wina amene anabwera kudzaiona wati gasi watha, ndipo ngati si gasi ndiye kuti kompresa yafa. Ndichite chiyani?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa mwafotokoza mmene phokosolo likumvekera komanso nthawi imene likubwera. Anthu ambiri akabwera kwa ine amangoti "filiji ikusokosa", basi, ndiye ndimayamba kufunsa ngati wapolisi. Inu mwandipatsa poyambira. Ndiyambe ndi mawu amene angakupulumutsireni ndalama za bizinesi yanu: musalole munthu kuthira gasi mufilijimo, ndiponso musagule kompresa ina, kufikira zinthu zitatu zitayezedwa inu mukuona, zomwe ndi mphamvu ya magetsi pa soketi yanu nthawi ya madzulo, kachipangizo kotchedwa relay, ndi kompresa yeniyeniyo. Pa zomwe mwalongosolazi, palibe chimene chikuloza kwa gasi.

Mwatchula maphokoso awiri, ndipo ine ndikuona ngati ndi matenda awiri osiyana. Tiyambe ndi wopepuka.

Kunjenjemera kwa usiku nthawi zambiri si kuwonongeka ayi. Kompresa, chija chakuda changati mphika chili kumbuyo pansi, chimanjenjemera nthawi zonse chikamagwira ntchito. Masana simumva chifukwa cha wailesi, ana ndi magalimoto a pamsewu. Kukada zii, chilichonse chogwedera chimamveka ngati ng'oma. Filiji ikamalira, ikani dzanja pamwamba pake ndipo muikankhe pang'ono. Phokoso likasintha kapena kusiya, ndiye kuti siyinakhale bwino pansi. Simenti ya m'nyumba zathu zambiri siyikhala yosalala ndendende, choncho mwendo umodzi umatsala m'malere. Miyendo yakutsogolo imapotokola ngati bawuti. Ipotokoleni mpaka filiji ileke kugwedera, ndipo kutsogolo kukwere pang'ono kuti chitseko chizidzitsekera chokha. Ngati munaikweza pa thabwa kapena pa kathebulo poopa madzi okolopera, dziwani kuti thabwa lopyapyala limakuza phokoso. Ikani tizidutswa ta labala pansi pa miyendo, ngakhale ta tayala lakutha.

Mukatero chotsani zonse zili pamwamba, mabotolo, mapoto, thireyi ya mazira. M'kati siyanitsani mabotolo a galasi amene akugundana. Kenako zimitsani, zulani pulagi, muikokere kutsogolo, muyang'ane kumbuyo ndi tochi. Pamwamba pa kompresa kapena pambali pake pamakhala kabeseni kapulasitiki kolandira madzi. Kakamasuka kamalira gwedegwede usiku wonse. Onaninso timapaipi tamkuwa ngati tikukhudzana tokhatokha kapena ndi chitsulo cha filiji. Pamenepo lowetsanipo kachidutswa ka chubu cha njinga, koma musapinde paipi mwamphamvu, ikathyoka ndiye kuti mwaitana vuto la gasi lija limene panalibe. Kompresa imakhala pa timalabala tinayi. Tikauma kapena kung'ambika, chitsulo chimakhala pa chitsulo chinzake. Timalabala timeneti si todula.

Tsiku lina ndinaitanidwa ku golosale ina ku Luchenza, mwini wake atatsimikiza kuti filiza yake ikufa. Nditagwada kumbuyo ndinapeza chotsegulira mabotolo chitagwera pakati pa kompresa ndi kabeseni kaja. Ndinachitola, phokoso linathera pomwepo. Bamboyo anali atasunga kale ndalama za kompresa m'thumba la malaya.

Pali maphokoso enanso amene musamade nawo nkhawa. Kumveka ngati madzi akubwata kapena akuyenda m'mapaipi, makamaka kompresa ikangosiya, ndi gasi amene akuzungulira, ndipo ndi umboni woti alimo. Kuthetheka kwa apo ndi apo ndi pulasitiki ndi ayisi zikamafufuma kapena kunyala. "Tha!" mmodzi poyamba kapena pomaliza kugwira ntchito ndi thermostat, kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa kompresa malinga ndi kuzizira kwa m'kati. Zonsezi ndi moyo wa filiji.

Tsopano tifike pa phokoso limene landidetsa nkhawa, la "mmmm... tha!" lobwerezabwereza. Kuti mulimvetse, tione zomwe zimachitika kompresa ikamadzuka. M'kati mwa mphika wakudawo muli mota yokhala ndi makoyilo awiri, ina yoyambitsira, ina yoyendetsera. Pambali pa kompresa pali kabokosi kapulasitiki, ndipo m'kati mwake muli tizipangizo tiwiri. Koyamba ndi relay, kamene kamapatsa magetsi koyilo yoyambitsira kwa kanthawi kochepa zedi kuti mota itembenuke, kenako n'kuisiya. Kachiwiri ndi overload, mlonda wa kompresa. Mota ikalephera kutembenuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa masiku onse, n'kuyamba kutentha. Kung'ung'udza kumene mukumvako ndi mota ikulimbana kuti idzuke. "Tha!" uja ndi overload ikudula magetsi kuti mawaya a m'kati asapse. Ikazizira imalumikizanso, mota n'kuyesanso, n'kulepheranso. N'chifukwa chake thobwa likufunda: nthawi yonseyo filiji siyikuziziritsa kanthu, ikungotentha.

Nanga n'chiyani chikulepheretsa mota kudzuka? Apa ndi pamene mawu anu akundithandiza. Mwati m'mawa zonse zimakhala zozizira. Kompresa yakufa siidzuka m'mawa. Ndiye woyamba kumukayikira ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi a m'nyumba zathu muno m'Malawi amayenera kukhala 230 volts. Kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 8 koloko, khomo lililonse layatsa kuka, ketulo, ayironi ndi TV, ndipo nyumba zimene zili kutali ndi thiransifoma mphamvu imatsika kwambiri. Mababu a masiku ano a LED amabisa vutoli chifukwa amawalabe ngakhale mphamvu yatsika, koma mukhoza kuona ketulo ikuchedwa kuwira kapena fani ikuzungulira mwaulesi. Mota ya filiji imafuna mphamvu zambiri pa kanthawi kodzukako, ndiye mphamvu ikatsika pansi pa 200 mafiliji akale amayamba kuvutika. Onjezaninso kutentha kwa Okutobala, kumene kumakweza mphamvu ya gasi m'mapaipi n'kupangitsa mota kulemedwa, ndiye mwapeza chifukwa chimene vutoli labwerera mwezi uno osati mu Juni nthawi ya chiperoni.

Koma musanaloze chala kunja, yang'anani m'nyumba mwanu momwe. Filiji yanu yalumikizidwa pa soketi ya pakhoma, kapena pa ekisitenshoni? Ndaona makomo ambiri filiji, ketulo, ayironi ndi matchaja a mafoni zonse zili pa ekisitenshoni imodzi ya waya woonda ngati ulusi, wodutsa zipinda ziwiri. Waya wotero umadya mphamvu isanafike ku filiji. Gwirani pulagi filiji itagwira ntchito kwa kanthawi. Ikakhala yotentha, kapena mukaona pakuda ngati papsa, ndiye kuti penapake waya wamasuka. Filiji iyenera kukhala ndi soketi yakeyake, pulagi ya mano atatu, ndipo dzino lalitali lija la earth, loteteza kuti magetsi asakugwireni, likhale lolumikizidwa. Zolowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, chonde, zimenezo zawotcha nyumba za anthu.

Pemphani wodziwa za magetsi abwere ndi mita yake ayeze pa soketiyo kawiri, m'mawa ndiponso cha m'ma 7 koloko madzulo pamene phokoso lili m'kati. Asabwere masana okha n'kunena kuti zonse zili bwino, chifukwa masana matendawo amakhala atabisala. Akapeza kuti pa soketi pokha ndi pamene patsika koma pa bokosi lolowera magetsi pali bwino, vuto ndi mawaya a m'nyumba. Akapeza kuti patsika ponse, funsani anzanu oyandikana nawo. Ngati nawonso akuona zomwezo, kanenani limodzi ku ESCOM, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Apa ndifotokozeponso za fridge guard, chifukwa anthu amasokoneza. Kachipangizo kameneka kamadula magetsi akatsika kapena akakwera mopyola muyezo, ndipo magetsi akabwerera kamadikira mphindi zingapo kasanayatse filiji. N'kofunika, ndipo ine ndimati filiji iliyonse ikhale nako. Koma sikawonjezera mphamvu ayi. Ngati kwanu mphamvu imatsika madzulo aliwonse, kadzateteza kompresa koma thobwa lidzafundabe. Chimene chimakweza mphamvu ndi stabilizer, ndipo pogula muonetsetse kuti ndi yaikulu kuposa mawatts olembedwa pa filiji yanu kangapo, chifukwa cha kukoka kwa podzuka kuja.

Kudikira kwa mphindi zingapoko kuli ndi chifukwa. Kompresa ikangozima, gasi amakhala atapanikizika mbali imodzi. Mukaiyatsa nthawi yomweyo, mota imakhala ngati munthu wokankha wilibala yodzaza pa chitunda, ndipo mudzamva "mmmm... tha!" yemweyo ngakhale filiji ili yabwinobwino. Choncho magetsi akathima n'kubwerera mwamsanga, kapena mukamasintha kuchoka ku jenereta, dikirani mphindi 5 musanayatse.

Magetsi akapezeka kuti ali bwino, wachiwiri kumukayikira ndi relay. Pa mafiliji onse olira chonchi amene ndawatsegula, kachipangizo kameneka ndi kamene ndakapeza ndi mlandu kawirikawiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompresa. Kuyeza kwake kumayenda motere. Pulagi ikazulidwa, wokonza amachotsa chivundikiro cha kabokosi kaja n'kusolola relay pa mano a kompresa. Mafiliji ambiri a masiku ano ali ndi relay ya mtundu wa PTC, imene m'kati mwake muli kadisiki kangati piritsi lalikulu. Kakapsa kamasweka. Mukaigwedeza pafupi ndi khutu mumamva tizidutswa tikulira ngati timiyala m'kachitini, nthawi zina timagwera m'manja ngati makala ophwanyika, ndipo fungo lake ndi la pulasitiki yopserera. Koma samalani: mafiliji akale ena ali ndi relay ya koyilo, yooneka ndi waya wamkuwa wokulungidwa panja, ndipo imeneyo imalira "kwe-kwe" poigwedeza ngakhale ili yamoyo. Relay yofooka imatha kudzutsa kompresa m'mawa kukuzizira koma n'kulephera madzulo zinthu zitatentha, ndiye nayonso ikugwirizana ndi nkhani yanu. Pokagula ina, tengani yakaleyo kapena jambulani pa foni chikalata chomata pa kompresa, kuti akupatseni yofanana. Ndi bwino kusintha pamodzi ndi overload. Mafiliji ena amakhalanso ndi capacitor, kangati batire lalikulu pambali pa kompresa. Kameneko kamasunga magetsi ngakhale pulagi yazulidwa, choncho musakagwire kumapeto kwake ndi manja, siyirani wodziwa.

Relay ikachotsedwa pamaoneka mano atatu a kompresa. Apa wokonza weniweni amatulutsa mita, sayankhula zambiri. Amayeza mano awiriawiri, n'kupeza manambala atatu. Awiri aang'ono akaphatikizidwa ayenera kufanana ndi lalikulu lija. Kenako amayeza dzino lililonse ndi chitsulo cha kunja kwa kompresa, ndipo pasakhale kulumikizana kulikonse. Pakapezeka kulumikizana, kompresa yapsa, ndipo filiji yotero ikhoza kukugwirani ndi magetsi. Manambala akakhala bwino, magetsi ali bwino, relay yatsopano yaikidwa, koma mota ikungong'ung'udzabe osatembenuka, pamenepo ndi pamene timavomereza kuti yakakamira m'kati. Ntchito yonseyi siyitha ola limodzi. Munthu wonena kuti kompresa yafa asanachite zimenezi akungolota. Sindikunena kuti mnyamata anabwera kwanuyo ndi wachinyengo, mwina ndi mmene anaphunzirira, koma mufunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, mwayeza chiyani?" Akakhala wodziwa ntchito sangakwiye ndi funso limenelo.

Nkhani ya gasi imandipweteka mtima, chifukwa ndaona amayi ambiri ochita malonda ang'onoang'ono akutaya mpamba wawo pamenepa. Gasi wa mufiliji si ngati mafuta a galimoto kapena gasi wophikira amene amatha ndi kugwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekedwa, ndipo filiji ikhoza kukalamba mpaka kutayidwa ili ndi gasi yemwe anathiridwa ku fakitale. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Zizindikiro zake n'zosiyana ndi zanu: kompresa imayenda osapuma usana ndi usiku, mayunitsi amatha msanga, kuzizira kumachepa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku osati madzulo okha, ayisi amagwira pakona imodzi yokha, mapaipi akumbuyo safunda, ndipo pena mumaona malo onyowa ndi mafuta pamene pabookapo. Kuthira gasi osatseka bowo kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Pakapita masabata angapo mudzaitananso munthu. Ndiponso kuti athire gasi amayenera kudula kapena kuboola paipi, ndiye filiji imene inalibe chilema imayamba kukhala nacho.

Ngati tsiku lina gasi adzafunikadi, werengani chikalata cha kumbuyo kapena cha m'kati. Mudzaona R134a kapena R600a. Awiriwa sasinthanitsidwa, chifukwa kompresa iliyonse inapangidwira gasi wake ndi mafuta ake, ndipo kuchuluka kwake kunalembedwa pomwepo m'magalamu. R600a amayaka moto. N'chifukwa chake ndimaletsa mwamphamvu kugoba ayisi ndi mpeni. Mapaipi a mufiliza ali pansi penipeni pa chitsulo chopyapyala, mpeni ukangoterereka mumva "phwiii", gasi yense wapita. Zikachitika, tsegulani mawindo, musayatse machesi kapena mbaula pafupi.

Simunanene ngati filiji yanu ndi ya mtundu wosagwira ayisi, umene uli ndi fani m'kati mwa filiza. Ngati ndi umenewo, pali phokoso lina lofunika kulidziwa, lokwecha ngati kapepala kolimba kamene ana amaika m'masipoko a njinga. Tsegulani chitseko cha filiza. Mafiliji ambiri fani imaima chitseko chikatsegulidwa, ndiye phokoso likasiya mwagwira wakuba. Kawirikawiri amakhala ayisi amene wakula mpaka kukhudza mapiko a fani. Kuno kwathu kuphiri mpweya umakhala wa chinyontho, makamaka dzinja ndi nthawi ya chiperoni, ndipo filiji ya malonda imatsegulidwa kambirimbiri pa tsiku, choncho ayisi sachedwa. Tulutsani katundu, zulani pulagi, siyani zitseko zotsegula tsiku lathunthu, muyale matawulo pansi. Phokoso likabwerera pakatha sabata kapena awiri, ndiye kuti zipangizo zosungunulira ayisi zafa kapena labala wa chitseko sakugwira. Labala muyeseni potsekera pepala pachitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, mpweya wofunda ukulowa. Mafiliji ena ali ndi fani inanso pansi pafupi ndi kompresa, ndipo mmenemo ndapezamo jumbo, zisa za makoswe, ngakhale nalimata wouma.

Phokoso limene lilibe mankhwala ndi kugunda kwamphamvu, "gu!", kochokera m'kati mwa kompresa ikamadzuka kapena ikamaima. Mota ya m'katimo imalendewera pa masipiling'i, ndipo imodzi ikathyoka mota imamenya khoma. Zimachitika kawirikawiri filiji ikanyamulidwa chogona pa msewu wa mabampu. Mphikawo unawotcheredwa, sutsegulidwa. Ikhoza kugwirabe ntchito kwa nthawi ndithu ikugunda choncho, koma yambani kusunga ndalama. Ndipo mukadzasamutsa filiji, inyamuleni choimirira; ikagonekedwa, iimikeni tsiku limodzi musanayatse kuti mafuta abwerere m'kompresa.

Pamene mukudikira wokonza, musaisiye ikulira "mmmm... tha!" usiku wonse. Ulendo uliwonse umene ikulephera kudzuka, mawaya a m'kati akuwauka, ndipo vuto lokonzeka ndi ndalama zochepa likhoza kupha kompresa imene inali yamoyo. Mukangomva kawiri kapena katatu, zulani pulagi, musatsegulenso zitseko pafupipafupi, mudzayatse cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku anthu atazimitsa makuka. Filiji yotsekedwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo filiza yodzaza imapirira nthawi yotalikirapo. Ikani mabotolo angapo a madzi mufiliza aundane m'mawa, madzulo muwatsitsire kumene kuli thobwa. Thobwalo muziliika litazizira kale, osati likadali lofunda kuchokera pamoto. Filijiyo ichotseni pakhoma mpata wokwana chikhatho, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo, ndipo mapaipi akumbuyo muwapukute fumbi ndi kaburashi kofewa. Nyama ndi nsomba, ngati zasungunuka n'kufunda, musaziumitsenso. Phikani tsiku lomwelo ngati zikadali zabwino, zikanunkha tayani.

Koma mukamva fungo la kupserera, mukaona pulagi yasungunuka, kapena chitseko chikakugwirani ndi magetsi ngakhale pang'ono, zulani pulagi ndipo musayatsenso mpaka aione wodziwa, makamaka poti m'nyumbamo mumayenda ana opanda nsapato pa simenti yonyowa.

Lero madzulo, phokoso likayamba, yang'anani nthawi muilembe. Chotsani filijiyo pa ekisitenshoni ngati ili pamenepo, muilumikize pa soketi ya pakhoma payokha, mudikire mphindi 5, muyatse, mumvetsere. Ndipo wokonzayo mumuuze abwere 7 koloko madzulo, atanyamula mita ndi relay, silinda ya gasi aisiye kunyumba.